Pa Mapu Panalibe Munthu

Lloyd Mapemba anafika ku Kachulu dzuwa lisanakwiye. Njinga yamoto inali mbuu ndi fumbi, mwini wakenso chimodzimodzi. M'chikwama munali laputopu, batire ndi mawaya. Mumtima munali kanthu kena, kolemera kuposa zonsezi.

Anali mwana wa ku Ndirande. Madzi amene ankawadziwa ndi a pampopi. Inamugwetsera kuno ku Chilwa ndi ntchito. Ankagwira ku Mgwirizano wa Nyanja Zing'onozing'ono, bungwe la mayiko makumi anayi, likulu lake kutali ku Ulaya. Kale akuluakulu a bungweli ankabwera okha. Pakatha zaka zitatu ankatulukira, n'kukhala pa mabenchi a tchalitchi, thukuta lili kamukamu, kumvetsera anthu mpaka matako kuwawa. Masiku ano sabweranso. Msonkhano ndi pa sikirini. Voti ndi pa batani. Chimene sichili pa mapu a m'kompyuta, kwa iwo kulibe.

Tsikulo linali la voti. Nkhani yake inali yotseka dambo la udzu wa njedza la kumadzulo kwa nyanja, chaka chonse, kuti nsomba ziswane. Bungwe ligula maboti, lilemba alonda, ndipo kuyambira Januwale munthu asapezekemo. Koma bungweli linali ndi lamulo lake. Malo okhala anthu oposa makumi asanu savoteredwa, mpaka nthumwi zipite zikawamve anthuwo maso ndi maso. Malo opanda anthu, batani basi.

Pa mapu, dambolo linalibe munthu ngakhale mmodzi.

Koma anthu analimo. Lloyd anawawerenga yekha, m'mwezi wa Meyi. Mazana awiri ndi khumi ndi awiri.

Anamuyendetsa ndi Che Bakali, msodzi wa imvi ndi mano atatu akutsogolo. Masiku anayi m'bwato, m'tinjira ta m'njedza, mpaka ku zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pamwamba pa madzi, pa njedza zopindapinda. Ukaponda pansi pamanyang'ama ngati mimba ya ng'ombe. Lloyd anayenda chokwawa, anthu n'kumaseka. Anapezako amayi owamba milamba, wometa tsitsi, ngakhale tiyirumu. Anamupatsa tiyi wa mkaka m'kapu yabwino, ya alendo. Pa chimbowera chilichonse ankalemba mayina, n'kudina tabuleti kuti munthu aliyense akhale ndi kadontho pamalo pamene amagona.

Atabwerera ku ofesi ku Zomba, anatumiza. Timadontho tonse tinafiira. Makina anati malo awa ndi madzi, munthu sangakhalepo. Njira yotsutsira inalipo: kalata ku likulu, zithunzi, kenako kudikira masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lomaliza kutumiza ziwerengero linali Lachisanu. Lachisanulo linali mawa lake.

Bwana wake, Mayi Veronica, anangosuzumira pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. "Lloyd, zofiira sindikuzifuna. Pofika mawa zonse zikhale zobiriwira."

Ndipo Lloyd anatulukira kanthu. Kadontho ukakagwira ndi chala, kamayenda. Anakoka kamodzi mpaka kumtunda. Kanabiriwira. Anakoka kena. Anadziuza kuti si bodza kwenikweni, ambiri mwa anthuwo ali ndi kwawo kumtunda, ku maliro amapita kumtunda, Khirisimasi amadyera kumtunda. Ola limodzi ndi theka, ntchito inatha. Lamulo la anthu makumi asanu ankalidziwa. Sanafune kulikumbukira.

Patapita mwezi likulu linamutumizira satifiketi: ziwerengero zoyera kuposa za mayiko onse a kuno. Mayi ake anaipachika pabalaza ku Ndirande, pafupi ndi kalendala ya mpingo.

Tsono lero anali pano, ndi laputopu.

Netiweki pa Kachulu imagwira bwino malo amodzi, pa kachitunda ka kuseri kwa msika wa nsomba. Anthu anali atafika kale. A ku zimbowera analipo ngati makumi atatu, atasamba, atavala za ku mapemphero. Che Bakali anali ndi jekete la munthu wina, manja ake othera m'zigongono.

"A Lloyd! Azungu anu aja mwabwera nawo?"

"Ali m'chikwamamu, Che Bakali."

"Atulutseni msanga apume. Afa nako kutenthaku, mlandu ukhala wathu."

Anthu anaseka. Lloyd anayesa kuseka nawo. Milomo inakana.

Mayi Elenala Namonde anafika pambuyo, osafulumira. Anali mlimi wa mpunga ku sikimu ya Likangala, wamsinkhu wa mayi ake a Lloyd, wamtali, wa mawu ngati ng'oma yaikulu. Anthu a m'mbali mwa nyanja anawasankha kukhala nthumwi yawo ku bungwe. Mawu anali nawo kumeneko, voti analibe. Anavala chitenje chatsopano, mapindo a m'sitolo akuonekabe.

Lloyd anawagwadira pang'ono, n'kuwakokera pambali.

"Amayi, atipatsa mphindi zitatu zokha. Womasulira Chinyanja kulibe, ndiye ndimasulira ndine, m'mphindi zomwezo. Chonde moni musapereke. Mungolowa m'nkhani."

"Ndisapereke moni? Ndine mbuzi ine, yongolowa m'munda mwa eni?"

"Makinawa amadula okha, amayi."

"Mwanangu, ku Nairobi ndinalankhula mpaka tcheyamani anavula jekete. Palibe anandidula. Wina anachita kundibweretsera madzi."

"Kumeneko kunali anthu."

"Nanga umu muli chiyani?"

Lloyd analumikiza mawaya.

Msonkhano unayamba itangokwana teni. Pa sikirini panabwera timabokosi. Tambiri tinali takuda bii, dzina lokha. M'kena munthu ankadya chipatso. M'kena munali denga ndi chipumi basi. Pakona panali Mayi Veronica, ali mu ofesi ku Zomba, mbendera kumbuyo. Wapampando anali mayi wa tsitsi loyera, wolankhula mofatsa ngati nesi.

Anthu anaunjikana kumbuyo kwa mpando wa Mayi Elenala. Wina anagwira ambulera kuti dzuwa lisaphe sikirini. Nkhani zinayenda, za nyanja za kwina, za mayina ovuta. Ntchentche za ku msika zinabwera kudzaonerera nawo. Itakwana leveni, Lloyd anamva dzina la Chilwa.

Mnyamata wa magalasi anatsegula mapu. Nyanja yabuluu. Dambo lobiriwira. M'mphepete, kumtunda, timadontho tili ndandanda ngati mikanda ya m'chiuno. M'dambomo mbee. Mnyamatayo anati okhalamo ndi ziro. Kenako anati athokoze anzawo a ku Malawi chifukwa cha ntchito yaukhondo, makamaka Lloyd Mapemba.

Chingerezi Che Bakali sankachimva. Dzina analimva.

"Akutchulani! Amangwetu, amutchula mwana wathu ku Ulaya!"

Nthungululu inalira. Wina anamumenya Lloyd pamsana. Mayi wina anati ankadziwa kuyambira tsiku lija ankakwawa kuti mnyamatayu ndi wanzeru. Lloyd anayang'ana zala zake za kumapazi. Anafuna nthaka ing'ambike.

Mayi Elenala sanaimbe nawo nthungululu. Anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini.

"Apa ndi pa chilumba cha Chisi. Apa ndi pamene mtsinje wa Likangala umathira. Nanga kwa Che Bakali ndi pati? Bwanji palibe timadontho?"

"Mapuwa ndi aang'ono, amayi. Sizioneka zonse."

Linatuluka lokha, bodzalo, losalala ngati mlamba. Mayiwo anamuyang'ana kanthawi, n'kubwerera pampando.

Wapampando anafunsa funso la mwambo. Alipo amene akuona cholakwika pa ziwerengerozi tisanapitirire? Ngati alipo akweze dzanja.

Dzanjalo linali kabatani kachikasu, pansi pa sikirini. Lloyd ankakadziwa. Kudina kamodzi, kunena mawu asanu, nkhani ikanaimitsidwa, nthumwi zikanabwera. Chala chake chinafika pamwamba pake. Chala chomwe chija. Anaona Mayi Veronica akumwetulira m'kabokosi kawo. Anaona mayiko makumi anayi akutembenuka kumuyang'ana. Anaona mayi ake akukwera pampando kukatsitsa satifiketi, anansi akufunsa kuti yapita kuti.

Wapampando anadikira. Anamwa madzi.

"Palibe. Zikomo. Timve nthumwi ya anthu a m'deralo. Mphindi zitatu."

Pakona ya sikirini panabwera wotchi. Inayamba kudya.

Mayi Elenala anaimirira, Lloyd n'kukweza laputopu kuti nkhope ioneke. Anakonza chitenje. Anawomba m'manja katatu, mwaulemu.

"Ndiyambe ndi kulonjera inu amayi apampando. Mwadzuka bwanji kumeneko, ndi ana kunyumba? Ndilonjerenso akuluakulu nonse a m'mayiko, amene ndikukuonani ndi amene mwabisala mumdima. Kuno tadzuka, koma dzuwa ndilo latikwiyira. Ndithokoze Mulungu amene watisunga. Ndithokoze mafumu athu, ndi abusa, ndi mashehe amene atiperekeza..."

Lloyd anamasulira mothamanga, kudula, kumeza. Moni wa mizere isanu anausandutsa mawu awiri. Koma mayiwo ankaima kuti iye amalize, monga amachitira womasulira wa ku tchalitchi, ndipo poima paliponse wotchi inkadya. Mphindi imodzi. Theka.

"Tsono ndabwera ndi nkhani ya anthu a m'madzi," anatero Mayi Elenala. "Anthu amene..."

Wotchi inafika pa ziro. Kachizindikiro ka maikolofoni kanafiira, mzere n'kukadutsa pakati. Wapampando anagwedeza mutu mwachifundo, nati zikomo kwambiri chifukwa cha mawu olimbikitsa. Bokosi la Kachulu linachepa, n'kubwerera pakona.

Palibe anaona, koma Lloyd yekha.

Mayi Elenala anali atangotenthedwa kumene. Mawu anakwera. Ananena za zimbowera, kuti zinalipo agogo awo asanatsike kuchokera ku Mozambiki. Ananena za mwana wa Fatsani amene anabadwira pa njedza chaka cha madzi ambiri, mchombo wake n'kukwiriridwa m'matope a pansi pa nyanja. Anati nsomba kuswana akufuna ndi iwo, kuposa aliyense wovala tayi, ndipo malo oswanira amawadziwa ndi mayina. Anati tsekani miyezi itatu, tikuthandizani kulondera. Koma musatseke chaka chonse osationa. Bwerani. Mabenchi alipo.

Akaima, ankamuyang'ana Lloyd. Ndipo Lloyd ankamasulira.

Anamasulira zonse. Mokweza, m'Chingerezi chabwino cha ku koleji, kulankhula ndi maikolofoni yakufa. Sanadulenso kanthu tsopano, nthawi inalipo yambiri. Anthu kumbuyo ankavomera, "Eya! Auzeni!" Pa sikirini panali patabwera bokosi lina, la manambala. Ovomera khumi. Khumi ndi asanu ndi atatu. Iye ali pakati pa mchombo wa mwana wa Fatsani, manambala anadutsa makumi awiri. Thukuta linalowa m'maso. Sanapukute. Manja onse anali atanyamula laputopu.

Ovomera makumi atatu ndi atatu. Okana awiri. Ena sanadine kanthu, mwina anali atapita kukaphika tiyi.

Mayi Elenala anamaliza, nawombanso m'manja katatu. Nthawi yomweyo pa sikirini panayamba kuuluka timanja tachikasu, tambirimbiri, nthumwi kukondwerera kuti voti yadutsa.

"Taonani timanja!" anakuwa Che Bakali. "Akuwaombera m'manja amayi! Ndinanena ine, awa akalankhula ngakhale ng'ona imatuluka kudzamvera!"

Anthu anavina pang'ono, fumbi kobo. Mnyamata wa magalasi anatsegula mapu a nyanja ina, ya dziko lina. Lloyd anatsitsa laputopu, naitseka pang'onopang'ono.

Mayi Elenala anakhala pansi, napukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Ati chiyani?"

Lloyd anatsegula pakamwa. Bodza lachitatu linali lokonzeka kale, lofunda, longofuna kulavula. Ati aganizira. Ati ayankha. Akanakwera njinga yake, pofika Januwale n'kukhala atapempha kusamutsidwa.

"Mwanangu, ndakufunsa. Bwanji ukunjenjemera ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni?"

"Sanamve, amayi."

"Sanamve chiyani?"

"Anadula. Makina anadula."

"Liti?"

"Mutangomaliza moni."

Phokoso la kumbuyo linayamba kuzima, kuyambira kwa amene anali pafupi.

"Tsono Chingerezi chonse chija umalankhula ndi yani?"

"Palibe."

"Ine ndimalankhula ndi yani?"

Ku msika wina ankaitanira matemba.

"Nanga timanja tija?" anafunsa Che Bakali, mawu atatsika.

"Amaombera voti. Yadutsa. Dambo litsekedwa."

"Sizingatheke," anatero Mayi Elenala. "Lamulo ndimalidziwa, ndinali pomwepo polikhazikitsa. Pokhala anthu savota asanabwere. Iwe unawerenga anthu. Che Bakali anakunyamula masiku anayi."

"Pa mapu mulibe anthu, amayi."

"Unati mapu ndi aang'ono."

"Ndinanama."

"Anatichotsamo ndani?"

Akanatha kunena kuti makina. Sikukanakhala kunama kwenikweni. Anali atatopa nako kusanama kwenikweni.

"Ine."

Ndipo anafotokoza, ataimirira pakati pawo, maso ali pansi. Za kufiira. Za Lachisanu. Za chala. Za kabatani kachikasu kamene akanadina lero lomwe, iwo ali kumbuyo kwake. Sanatchule Mayi Veronica. Si iwo anamukokera chala.

Palibe anamutukwana. Akanakonda atamutukwana. Mayi uja anati ndi wanzeru anatembenuka, namanga mwana kumsana molimba kuposa mmene pamafunikira.

Che Bakali anakanda m'mutu.

"Ndiye kuti munatisamutsa, a Lloyd. Osatiuza n'komwe kuti timange katundu." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ine munandiika pati?"

"Sindikukumbuka bwino. Chapafupi ndi chigayo."

"Kuchigayo! Kwa apongozi anga akale. Anandithamangitsako ndi munsi, inu mwandibwezako ndi chala." Anayang'ana anzake kuti aseke. Palibe anaseka. Iyenso analeka. "Tiyi uja munamwa ndi wa kumtunda kapena wa m'madzi?"



"Zingakonzeke?" anafunsa Mayi Elenala. Sanatinso mwanangu.

"Pali fomu ya madandaulo. Ndikalemba kuti ndinasintha ziwerengero, ayenera kuunikanso."

"Tsegula."

"Ndikalemba bwino ku ofesi, amayi, ndi zithunzi..."

"Ku ofesi ndi kumene unatisamutsira. Ulemba pano. Mzere uliwonse uziwerenga m'Chinyanja, mokweza, tisanapite ku wina. Tamara, bwera kuno." Mayi wina wachitsikana, mphunzitsi wa pa sukulu ya pafupi, anatuluka m'gulu. "Ima kumbuyo kwakeko. Uziona ngati zimene akunena ndi zimene akulemba."

Izi ndizo zinamupweteka kuposa zonse. Anatsegula laputopu.

Analemba kwa ola lathunthu, dzuwa lili paliwombo. Ine Lloyd Mapemba. Ndinapeza anthu mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Ndinawasuntha ndi dzanja langa. Pamene analemba kuti panachitika cholakwika, Tamara anati, "Apa mwalemba ngati chinachitika chokha." Anafufuta. Analemba kuti ndinalakwa ndine, ndikudziwa. Pamene analemba za lero, Mayi Elenala anati aonjezere kuti nthumwi ya anthu inalankhula ndi mphepo, womasulira akudziwa. Anaonjezera. Anawerenga mokweza. Mawu ake ankamveka ngati a munthu wina.

Anadina kutumiza. Kope lina linapita kwa Mayi Veronica.

Asanachotse n'komwe chala, laputopu inalira.

"Ayankha kale?" anatero Che Bakali, nasendera pafupi. "Ndiye ndi anthu abwinotu."

"Ndi makina. Akuti alandira. Dandaulo lathu ndi nambala 4417. Komiti iliona pasanathe masiku makumi asanu ndi anayi."

"Ndiye liti limenelo?"

"Febuluwale."

"Alonda abwera liti?"

"Januwale."

Che Bakali anawerenga pa zala, milomo ikuyenda. Anabwerezanso, ngati mwina zala zinalakwitsa. Kenako anavula jekete lija, nalipinda bwinobwino, nalipereka kwa mwini wake.

Anthu anayamba kutsika kachitunda, awiriawiri, osatsanzika. Foni ya Lloyd inayamba kunjenjemera m'thumba. Mayi Veronica. Anaisiya ilire.

Mayi Elenala ananyamuka pomalizira. Anaima pafupi naye, osamuyang'ana, maso ali ku nyanja.

"Ukanandiuza za mapuwa m'mawa uja, ndikanalowa ngati mbuzi," anatero. "Moni ndikanapereka chaka chamawa."

Anapita.

Lloyd anatsekera zonse m'chikwama, nathamangira kudooko. Matope anamumeza nsapato. Che Bakali anali atakankha kale bwato, nsungwi yaitali ili m'manja.

"Che Bakali! Otsala kuzimbowera sanamve. Ndiloleni ndipite nawo. Ndikawauze ndekha."

Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zamatopezo. Sanakwiye. Anayankha mwaulemu, monga amayankhira mlendo amene sakumudziwa.

"Pepani bwana. Bwato ladzaza."

Anazika nsungwi pansi, nakankha. M'bwatomo munali anthu atatu okha.